Mawu Amodzi Akwanira, Lusungu

Lusungu mwana wanga,

Wapita kudera la Geisha kukalukitsa tsitsi, ndipo ine ndatsala ndekha m'nyumba muno, sindikudziwa choti ndigwire. Mvula ya mawawa imene yayamba m'mawa uja sinaleke. Siketi yako yakuda ndi juzi ija sizinaume, ndazipachika pa chingwe m'kati muno pafupi ndi mbaula. Ndikati ndikhale pansi ndikukumbukira kanthu, ndikudzuka, ndikafika pa chikwama chako ndaiwala chimene ndadzukira. Ndiye ndati bola ndigwire cholembera, kapena manjawa angakhazikike.

Ukundidziwa, pakamwa pamandilemera. Mawa ku depoti ndikangokukonza kolala ya jekete, ndikati uyende bwino, basi nkunyamuka. Zimene ndikufuna kukuuza sizingatuluke pa anthu ambiri chonchija. Kalatayi ndiyika m'thumba la m'mbali mwa chikwama chaching'ono. Ukaiwerenge mutadutsa pa Jenda, misozi itauma.

Nkhani yake ndi ya dzulo ija. Tikusenda mbatata foni yako inalira, unawerenga nkuiika pansi. Nditakufunsa unati, "Ndi a gulu la ophunzira Achikatolika a ku yunivesite. Akuti atsopano tonse tikapite Lamulungu masana kokagawana Mawu a Mulungu." Ndinati, "Ukapita?" Iwe unati, "Ayi Amayi, ine ndizikangopita ku Misa basi. Kumagulu kumeneko amafuna aliyense alankhulepo. Ine zimenezo ayi." Ine ndinati chabwino, nkupitiriza kusenda. Sizili bwino, Lusungu. Ndinangosowa poyambira.

Ukapite, mwana wanga. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikukupempha m'kalata yonseyi, ndi chimenechi. Ukapite.

Ukukumbukira uli fomu 3 ku sukulu yogonera komweko, malungo atakugwira? Unagona mu hositelo osauza aliyense, anzako nkumayesa kuti ukuwerenga pansi pa bulangete. Anakutulukira ndi amayi osesa aja, utayamba kale kubwebweta. Nditafika ndinakufunsa chifukwa chake sunanene. Unati sumafuna kuvutitsa anthu. Mawu amenewo ndinawazindikira pomwepo, chifukwa ndi anga, unachita kuyamwa kwa ine. Koma kuja kunali kufupi, ndinakwera minibasi nkufika dzuwa lisanapendeke. Ku Zomba kumene ukupitako ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Ukakagona chonchija kumeneko, adzakutulukire ndani?

Misa usaphonye, imeneyo ndiye nkhani ina. Koma ndikuuze zoona: munthu ukhoza kulowa m'tchalitchi, kugwada, kulandira, kutuluka, chaka chonse, popanda wodziwa dzina lako. Ine ndinachitapo zimenezo. Ukasowa pa benchi la m'tchalitchi palibe amene amaona, wina amangosendera nkukhala pamalo pako. Pa kagulu kakang'ono sizitero. Pamenepo malo ako akakhala opanda munthu, amaoneka.

Nkhani zimene ndikulembazi sindinakuuzepo. Iwe ku mphakati, kagulu kathu ka Akatolika a m'dera lino, wakhala ukuzemba, umati ndi za akuluakulu, ndipo ine sindinakukakamize. Ndiye sukudziwa mmene ine ndinayambira, ndiponso sukudziwa kuti anandiyambitsa ndi ana a ku yunivesite onga amene akukuitanawa.

Ndinabwera kuno ku Mzuzu kuchokera ku Thyolo ndili kamtsikana, ndili ndi pakati pa iwe, kutsata bambo ako amene ankagwira ntchito yocheka matabwa. Usanayambe kuyenda iwo anapita ku Joni, ndipo zotsatira zake ukuzidziwa. Ndinatsala m'kachipinda ka lendi ku Chibanja, pa mpanda wa Anyagondwe, amene anakupatsa dzina lakoli. Ndinkachapira anthu zovala. Chitumbuka changa chinali yewo, zikomo wawo uja, ndi chomene, basi. M'zipinda zina pa mpandapo munkakhala ophunzira a ku yunivesite amene anasowa malo mu hositelo. Ndinkawaopa. Chingerezi chawo, kuseka kwawo, mabuku awo aakulu ngati njerwa. Ndikawamva akubwera ndinkathawira m'nyumba ngakhale nyemba zili pamoto panja. Zinapsererapo, osati kamodzi.

Lamulungu lina masana ndinatuluka ndi ndowa kuti ndikatunge madzi pa mpopi. Pansi pa mtengo wa mapeyala ndinaona anthu atakhala, ena pa mabenchi, ena pa mkeka, ena nkhope zachilendo. Onse mitu zyoli, chete. Mtsikana wina anatseka maso, wina anagwira tsaya. Anyamata aphokoso aja, ngakhale kutsokomola ayi. Ndinati pano pagwa zovuta. Kwathu munthu sudutsa pa maliro ndi ndowa pamutu. Ndinaitula, kuthamangira m'nyumba, kumanga chitenje ndi duku, iwe kumsana, nkupita kukakhala kumapeto kwa mkeka. Ndinadikira kuti wina ayambe kulira kuti ine ndilandire. Palibe amene anayamba. Ndiye ndinasendera kwa mtsikana amene anali pafupi nane nkumunong'oneza kuti, "Pepani achemwali, watisiya ndani?"

Anatsegula maso, kuyang'ana duku langa, kuyang'ana nkhope yanga. Anayesetsa kudzigwira koma zinakanika. Mnzake anafunsa kuti kwagwanji, iye anabwereza mawu anga, ndipo kuseka kunayenda mkeka wonse mpaka kumabenchi. Panali mnyamata wina wamtali amene anzake ankamutcha Bishopu chifukwa chokonda kulalikira. Iye anapukuta misozi nkunena kuti, "Amayi, watisiyadi. Koma musadandaule, anauka kale!"

Ndinati ndidzuke ndithawe, koma mtsikana uja anagwira nsonga ya chitenje changa. "Khalani, asisi," anatero. "Mwafika kale, mupitanso kuti?" Dzina lake linali Tamala, wa ku Karonga, ndiye ankatsogolera gululo.

Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti tsiku loyamba ukalakwitsa kanthu. Mwina ukakhala pamalo pa wina, mwina ukaimirira ena atakhala, mwina ukatsegula buku lina iwo ali pa lina. Akaseka. Iwenso ukaseke. Palibe amene anafa ndi kusekedwa, kukanakhala kuti kumapha bwenzi iwe uli wamasiye kalekale. Ukapite, Lusungu.

Atatha kuseka, Tamala anandifotokozera zimene ankachita. "Timawerenga ndime imodzi ya m'Baibulo, kenako kuibwerezanso pang'onopang'ono. Tikatero timakhala chete kuti mawuwo atsike, ndiye mwatipeza pamenepo. Kenako aliyense amatchula mawu amodzi amene amugwira mtima. Amangotchula, osafotokoza, osalalikira. Wofuna kunena zambiri amanena pambuyo pake, wosafuna palibe womukakamiza."

"Kupatula Bishopu," anatero mnyamata wina. "Ameneyu timachita kumukakamiza kuti aleke."

"Mzimu ukandidzera ndiziwuuza kuti dikira kaye?" anayankha Bishopu.

"Uziwuuza kuti ena tili ndi mayeso mawa."

Waona, mwana wanga? Kulankhula kumene ukuopako ndi kumeneko. Mawu amodzi. Sindikudziwa ngati ku Zomba amachita ndendende chonchi, koma ku mphakati kwathu timatero mpaka lero, ndipo Akatolika sitisiyana kwambiri. Ndiponso mbali yaikulu ya nthawiyo ndi kukhala chete. Pa kukhala chete ndiye ine ndi iwe palibe angatipose.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita Lamulungu lililonse masana, nkukhala pomwe paja, kumapeto kwa mkeka. Iwo ankawerenga m'Chingerezi, koma Tamala anabwereka Baibulo la Chichewa kwa mnzake, ndipo anayamba kubwereza ndimeyo m'Chichewa. Sananene kuti akuchitira ine, koma ndinadziwa. Ine sindinkatchula kanthu. Nthawi yotchula mawu ikafika ndinkayang'ana pansi nkumakukonza chipewa ngakhale chili bwinobwino. Mawuwo ndinkakhala nawo m'kamwa, koma ndikati nditsegule, wina wayamba kale, ine mtima nkukhala pansi kuti ndapulumuka. Palibe amene anandiloza chala. Miyezi inadutsa chotero.

Ndadzukanso kukatembenuza juzi ija. Mbali ya kumanja idakali yonyowa. Ikapanda kuuma ndiikulunga mu jumbo payokha, ukakafika ukaiyanike msanga, isakanunkhe nkhungu. Ku Zomba nakonso amati kumazizira, usakanyengeke ndi dzuwa la masana.

Cholakwa changa chachiwiri ndicho chimandiopsa mpaka lero. Lamulungu lina anatha kugawana Mawu nkuyamba kukangana za ndime imene anawerenga, aliyense kufuna kuti zake zimveke. Akatenthedwa ankasiya Chingerezi nkulowa m'Chitumbuka. Bishopu anaimirira, kuloza kumene ndinakhala ine, nkunena mokweza kuti, "Wonani Anyina Lusungu, mbakupulikira chomene!" Onse anatembenuka kundiyang'ana, ena akugwedeza mitu kuvomereza. Ine chomene ndinkamudziwa kuti ndi kwambiri. Ndipo kwathu ku Thyolo wopulukira ndi munthu wopusa, wopanda nzeru. Ndinamva kuti wanena pamaso pa anthu onse kuti amake Lusungu ndi wopulukira kwambiri, ndipo onse avomereza, ngakhale Tamala.

Ndinamwetulira, kudikira pemphero lotsekera, nkulowa m'nyumba. Ndinalira iwe uli pamiyendo. Ndinati ndimadziwa ine, anthu ophunzira sangakhale pa mkeka umodzi ndi munthu wolekezera sitandade 7 popanda kumuseka kumbali. Lamulungu lotsatira ndinatseka chitseko. Linalo ndinatsekanso. Madzi ndinkatunga iwo atapita ku makalasi. Tamala akandipatsa moni pa mpanda ndinkayankha ndikuyenda.

Inali nyengo yozizira, ija ya nkhungu yosachoka mpaka masana. Iwe unayamba kutsokomola. Kenako thupi linatentha, kupuma kunayamba kuthamanga, nthiti nkumalowa m'kati. Ndinakufunditsa, kukumwetsa madzi ofunda, kukuyangata uku ndi uku m'kachipinda kaja. Anyagondwe anali atapita kumudzi kwawo ku Rumphi. Zitseko za ophunzira zinali pompo, munthu ukanatha kulavulira. Koma ndinati ndikagogoda bwanji kwa anthu amene amanditenga ngati chitsiru? Ndinadziuza kuti mawa ukhala bwino. Mawa lake ndinadziuzanso chomwecho.

Linali Lamulungu masana pamene ndinamva kugogoda. "Odi, Anyina Lusungu!" Anali Tamala, Baibulo la Chichewa lili m'manja. "Pa mkeka paja pakusowa munthu. Takulakwirani chiyani?" Ine ndinangotsegula pang'ono nkuyang'ana pansi. Koma iye anamva kapumidwe kako ali pakhomo pomwepo. Anandikankha pang'ono, kulowa, kukuvundukula. "Mwanayu wayamba liti?" Sanadikire nkomwe kuti ndiyankhe. Anatuluka akukuwa mayina a anzake.

Kugawana Mawu kwa tsiku limenelo kunathera pomwepo. Bishopu anavula jekete lake, kukukulunga, nkuthamanga nawe kumsewu, ine ndikutsatira pambuyo ndi patapata mmodzi. Wina anaimitsa galimoto, sindikudziwa kuti anamuuza chiyani mwini wake. Kuchipatala anati ndi chibayo. Adokotala anandiyang'ana nkufunsa kuti, "Mayi, mumadikira chiyani?"

Utagonekedwa ndi kuyamba kulandira mankhwala, tinakhala pa benchi panja pa wodi, ine ndi Tamala. Anandifunsanso, "Koma asisi, chinakuthawitsani n'chiyani?" Mwina chifukwa cha kutopa, pakamwa panatseguka. Ndinamuuza. Anayamba wandiyang'ana osamvetsa, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Kupulikira! Asisi, kwathu kuno kupulikira ndi kumvera. Bishopu amanena kuti ife tonse tikungolongolola, koma inu ndinu munthu womvera, wotchera khutu. Amakuyamikirani!"

Nthawi yomweyo Bishopu anatulukira ndi tiyi mu fulasiki. Tamala anamuuza. Mnyamata wamtali uja anaika fulasiki pansi, kugwada pa simenti anthu onse akuona, nkunena kuti, "Amayi, pepani. Chichewa changa ndi cha m'kalasi. Kuyambira lero ndikafuna kukutamandani ndizibwera ndi womasulira." Ndinaseka misozi ikutsika. Koma m'kati ndinaona kuti ndikanakutaya iwe chifukwa cha mawu amodzi amene sindinafunse tanthauzo lake.

Tamvera bwino apa, Lusungu. Ukupita kumene anthu amalankhula mosiyana ndi kuno. Iwe Chichewa chako chili ndi kayimbidwe ka ku Mzuzu, yewo amangokupulumuka wosadziwa. Akakuseka, akakutcha mayina, ena mwachikondi, ena ayi. Ukamvanso mawu awo amene sukuwadziwa. Ukamva mawu okupweteka, usakamwetulire nkupita kukatseka chitseko monga ndinachitira ine. Ukafunse kuti, "Mukutanthauza chiyani?" Ngati anakunyozadi, ukadziwa, ndipo ukasankha chochita. Koma usakadzipatse chilango cha mlandu umene palibe anakuzenga. Ndipo ukadwala, ukanene tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo, wamva? Kugogoda pa chitseko cha mnzako si kuvutitsa munthu.

Taonanso ichi. Amene anabwera kudzagogoda sanali wansembe, sanali wa pa benchi la ku Misa. Anali munthu amene anaona kuti kumapeto kwa mkeka kulibe munthu. Ndikanakhala kuti sindinakhalepo pa mkeka umenewo, akanasowa ndani? Ndi chifukwa chake ndikuti ukapite. Sindikuti ukakhale mtsogoleri, sindikuti ukaimbe kwaya. Ukangokhala ndi malo ako amene anthu akawazolowere.

Utachira ndinabwerera pa mkeka. Tsiku lina anawerenga nkhani ya mayi amene anadwala zaka zambiri, uja anaopa kuonekera pamaso pa Ambuye, nkungodzera kumbuyo m'khamu la anthu kukakhudza chovala chawo. Tinakhala chete. Anayamba kutchula mawu awo, wina chikhulupiriro, wina mtendere, wina kuchira. Panakhala kampata, ndipo ndinangomva mawu anga atuluka: "Kumbuyo." Anatuluka aang'ono, okhala ngati a mwana. Ndinadikira kuti wina aseke kapena andifunse kuti ndikutanthauza chiyani. Palibe. Kunangokhala chete kuja, kenako Bishopu anabwereza motsitsa, "Kumbuyo." Mtsikana wina anatchula ake, nkumapitirira. Tsiku limenelo ndinabwerera m'nyumba ndikumva ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Sindinafotokozepo kwa aliyense chifukwa chake ndinasankha mawu amenewo, koma iwe ndikuuza. Ndinaona kuti mayi uja anali wa mtundu wathu, wa anthu odzera kumbuyo. Ndipo sanamubweze kuti akadzere kutsogolo ngati anthu olongosoka. Anamulandira momwemo. Ndiye iwenso ukadzere kumbuyo ngati ukufuna, ukakhale pafupi ndi chitseko. Koma ukalowe.

Tsono usakayese kuti kumeneko ukapeza angelo okhaokha. Ndi ana a anthu. Ukapeza wokonda kulankhula mpaka ena kuwodzera, ukapeza wobwera kudzaonetsa nsapato, ukapeza wokangana pa chilichonse. Ukapezanso anyamata amene Baibulo amalinyamula ngati nyambo. Pa gulu lathu lija panali wina wa mawu ofewa amene anandiuza kuti azindiphunzitsa Chingerezi cha m'Baibulo kuchipinda kwake. Ine ndi kupusa kwanga ndinapita, iwe uli kumsana. Nditaona kuti Baibulo lili pawindo lotseka ndipo mphunzitsi wanga akukamba za maso anga, ndinapisa dzanja kumbuyo nkukutsina pantchafu. Unalira mokuwa, ine nkuti, "Pepani achimwene, mwanayu akufuna kusintha thewera," nkutuluka. Pepa mwana wanga, ndinakutsinadi, ndipo mwamphamvu. Iwe ulibe mwana womutsina, ndiye usakalowe nkomwe. Mawu a Mulungu amagawanidwa pagulu, dzuwa likuwala, chitseko chili chotsegula. Wina akakuuza kuti tikagawane awiriwiri, ukamuuze kuti aitanenso anzake.

Ukakumananso ndi a mipingo ina amene akakuuze kuti Akatolika sitidziwa Baibulo. Usakakangane nawo, ena mwa iwo akakhala anzako abwino a m'chipinda. Ukangopitiriza kuwerenga lako. Ndaliika pansi pa mabulangete m'chikwama chachikulu, pamodzi ndi kolona. Mankhwala a mutu ali m'thumba la kutsogolo. Singano ndi ulusi ndaiwala kugula, ukagule komweko.

Ophunzira sakhalitsa, ichi ndinachiphunzira mowawa. Chaka chawo chomaliza chitatha anamanga katundu. Tamala anapita kukaphunzitsa ku Chitipa, Bishopu anapita ku Lilongwe, ndipo ndinamva kuti unsembe sanaulowe, ali ndi mkazi ndi ana. Ine ndinakwiya ngati andilakwira. Ndinati ndiye anandizoloweretsa chifukwa chiyani? Koma Tamala asananyamuke anandigwira dzanja nkundiperekeza ku mphakati wa akuluakulu, kukandipereka ngati mwana wa sitandade 1. Anati, "Awa salankhula zambiri, koma musawasiye akhale okha." Titasamukira kuno ku Chiputula ndinakafunsa ndekha kumene mphakati umakumana. Ndekha, Lusungu, ine amene ndinkathawa nyemba zili pamoto. Anzako a kumeneko nawonso adzabalalika tsiku lina. Usakakane kuwadziwa chifukwa choopa zimenezo.

Ndinaima kaye kulemba, kunabwera mlendo. Ndi a Nyirenda, mkulu wa mphakati wathu, ambulera yawo yothyoka ija ili m'manja. Amati adzakutsanzike, ndawauza kuti uli ku Geisha, akuti akupeza mawa m'mawa ku depoti. Kalatayi ndinaivundikira ndi mbale.

"Mwatandala uli, Anyina Lusungu?"

"Tatandala makola, kwali imwe adada?"

"Makola. Koma ndabwera ndi nkhani ina. Mukudziwa kuti a Phiri amene amatiwerengera aja asamutsidwa pa ntchito. Lamulungu lino ndime mutiwerengere ndinu."

Aka si koyamba kundipempha. Zaka zonsezi ine ku mphakati ndimatchula mawu anga amodzi, ndimasesa pokhala, ndimaphika kukakhala maliro, koma kuwerenga mokweza pamaso pa anthu sindinayambe ndachitapo. Ndikamawerenga ndekha zimayenda. Pakakhala anthu mizere imasokonekera, lilime limakodwa, mayina aatali aja amandigwetsa. Ndiye ndinayankha monga ndimayankhira nthawi zonse, "Adada, masowa akundivuta."

Anaseka. "Mama, maso anuwa amadwala Lamulungu lokhalokha? Lolemba ndinakuonani pa msika mukulowetsa ulusi pa singano ya Anyakaunda."

Ndinayang'ana mbale ija ili pa tebulo. Ndinati ine ndadzaza mapepala kuuza mwana kuti akachite chimene akuopa, ndiye ine mwini ndikhale pano nkumanamizira maso? Ndinati, "Ndiwerenga."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ndiwerenga."

"Yewo chomene!" Anatola ambulera yawo nkutuluka msangamsanga, ndikhulupirira amaopa kuti ndisintha maganizo. Anandiuza ndime yake ali kale pa geti.

Ndatsegula ndimeyo, ndaiwerenga motsitsa, ndapunthwa kale pa dzina lina la mzinda. Ndadzuka kuti ndiwathamangire ndikawauze kuti ndimacheza, ndafika pakhomo, ndabwerera. Sindikabweza mawu anga. Masiku atsalawa ndiziwerengera khoma mpaka lilime lizolowere, ndipo ndikapunthwabe, akaseke, ndikayambiranso.

Ndiye tipangane, mwana wanga. Lamulungu lino masana, ine ndikaimirira kuno ku Chiputula ndi Baibulo m'manja. Nthawi yomweyo iwe ukakhale ukufunsa njira ya kumene anzako akukumana. Ukafika pakhomo mtima ukakuuza kuti ubwerere, ukakumbukire kuti mayi ako ali pakati pa anthu akulimbana ndi dzina la mzinda, ndipo sanathawe. Ine ndikafuna kukhala pansi ndisanamalize, ndikakumbukira kuti iwe walowa. Usandisiye ndichite ndekha.

Madzulo ake ukandiimbire. Sindikakufunsa ngati unalankhula, sindikakufunsa kuti anawerenga chiyani. Ndikakufunsa funso limodzi, ndipo ukonzekere yankho lake: amene anakhala pafupi nawe dzina lake ndani?

Ambuye akutsogolere pa msewu wautaliwo, akupatse anthu.

Ndine mayi ako,
amake Lusungu